Kupanga kamtengo ka maluwa koika m'nyumba

Kamtengo kamene okongoletsa maukwati amakatcha topiary ndi mpira wa maluwa wokhala pamwamba pa ndodo, ndodoyo itazikidwa mumphika. Dzinali linachokera kwa anthu a m'minda amene amameta mitengo yamoyo kuti ikhale yobulungira, ngati timitengo ta duranta timene mumationa pamageti ku Avondale ndi ku Mount Pleasant muno mu Harare. Kathu kano kalibe mizu. Ndi maluwa odula, obayidwa pa siponji yonyowa ya ogulitsa maluwa, ndipo mukakasamala kamatha sabata yathunthu kadakali kowala.

Wopanga koyamba maganizo ake onse amakhala pa maluwa: mtundu uti, agule angati. Koma timitengo tambiri timaonongekera pansi, osati pamwamba. Mpira wa siponji wa masentimita 12 ukakhuta madzi umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, wa masentimita 16 umapitirira makilogalamu 2, ndipo kulemera konseko kwatsamira pansonga ya ndodo. Mphika ukapepuka, mwana akangogunda tebulo zonse zili pansi. Ndodo ikapanda chotchingira, mpira umatsetsereka pang'onopang'ono usiku, m'mawa mupeza ndodo yatulukira pamutu. Choncho ntchitoyi igawireni masiku awiri: loyamba la maziko, lachiwiri la maluwa.

Muyeso woyambira

Malangizo onse ali apawa ndi a kamtengo ka masentimita 55 kuchokera patebulo kufika pa duwa lapamwamba. Mphika ukhale wa masentimita 15 m'litali ndi 15 kukamwa kwake. Mpira wa siponji wa masentimita 12. Maluwa akadzaza umakula kufika 18 kapena 20. Ndodo ya masentimita 45, kunenepa kwake masentimita 2, ngati mpini wa tsache logula kusitolo. Pa masentimita 45 amenewa, 12 alowa pansi mumphika, 8 alowa mumpira, otsala 25 ndiwo aonekere. Mukafuna kukuza, kuzani zonse limodzi, ndipo mpira womalizidwa usapitirire kwambiri kukamwa kwa mphika, apo ayi kamtengo kamaoneka ngati bowa ndipo kamagwa msanga.

Kamtengo ka msinkhu uwu sikoika pakati pa tebulo lodyera, chifukwa mpirawo umafika pankhope ndipo alendo amayamba kusuzumirana m'mbali. Malo ake ndi pakabati, pakona pabalaza, kapena timitengo tiwiri uku ndi uku pakhomo tsiku la chinkhoswe.

Kupatula mphika, ndodo ndi mpira, konzani chitini chopanda kanthu cha lita imodzi chimene chingabisale mumphika, pulasitala wa ufa uja m'masitolo a zomangira amati Plaster of Paris (kilogalamu imodzi ikwana), timiyala ndi mchenga, msomali umodzi wa mainchesi awiri, chivindikiro chapulasitiki cha botolo la chiponde, kathumba kaukonde kogulitsiramo anyezi kapena malalanje, waya wofewa wopyapyala, mpeni wakuthwa ndi ndowa yoyera. Zitini, waya ndi misomali ku msika wa Siyaso ku Mbare sizisowa.

Za siponji, samalani pogula. Ogulitsa maluwa onse amangoti Oasis, dzina la kampani ya ku Ohio ku America imene inayamba kuipanga mu 1954. Ilipo mitundu iwiri. Yobiriwira ndi yofewa, mukaidina ndi chala pamatsala dzenje, ndipo ndiyo imamwa madzi. Yotuwa kapena yofiirira ndi yolimba, ya maluwa ouma ndi apulasitiki, ndipo madzi siimwa ngakhale igone mundowa. Mukasowa yobulungira kale, gulani yangati njerwa, muidule chidutswa, muinyowetse, ndiye muiseme ndi mpeni ngati mukusenda mbatata. Musaiseme youma, fumbi lake limayabwa m'maso ndi kukhosi.

Tsiku loyamba: ndodo ndi chitini

Mpini wa tsache ndi wowongoka koma suoneka bwino pokhapokha muukulunge riboni kapena chingwe cha khonje. Nthambi ya gwafa kapena ya bulugama yopindika pang'ono imaoneka ngati mtengo weniweni, bola nsonga yake yapamwamba ikhale pamwamba penipeni pa tsinde lake, kuti kulemera kugwere pakati. Nthambi ikhale youma. Yaiwisi imafota ikamauma, n'kuyamba kugwedera m'dzenje lake mu pulasitala. Nsungwi nayo ndi yabwino koma imang'aluka mukaikhoma msomali.

Songolani nsonga yapamwamba pang'ono ngati pensulo yobuntha. Yezani masentimita 8 kuchokera pansongapo, pamenepo boolani kabowo kopingasa n'kulowetsa msomali kuti utulukire mbali zonse ziwiri. Ngati mulibe choboolera, gogodani nsonga ya msomali ndi hamala kuti ibunthe musanakhome. Msomali wobuntha umaphwanya ulusi wa mtengo m'malo mouyalula, ndipo ndodo siing'aluka. Pa nsungwi siyani msomali, kulungani mphira wa chubu cha njinga, uja timamangira katundu, mpaka papangike mfundo yonenepa ngati chala chachikulu. Kenako boolani chivindikiro cha botolo pakati, muchilowetse kuchokera kunsonga chili chagada ngati kambale, chikhale pamsomali. Chivindikirochi chimagwira ntchito ziwiri: chimanyamula mpira pamalo otambalala m'malo moti msomali uzidula siponji, ndipo chimakodola madontho oyamba a madzi.

Kumunsi kwa ndodo khomani timisomali tiwiri kapena cheka timipata ndi mpeni, kuti pulasitala apeze pogwira. Ndodo yosalala imatha kuzungulira m'dzenje pulasitala atauma.

Bwanji chitini, osangothira pulasitala mumphika momwemo? Pulasitala akamauma amatentha ndipo amafufuma pang'ono. Mphika wadothi kapena mbiya yokongola imatha kung'aluka pamenepo, mwina osati lero koma mng'alu uli kale m'kati. Chitini chimalandira mphamvuyo, komanso chimakulolani kusintha mphika wakunja tsiku lina osayambanso ntchito.

Thirani makapu 2 a madzi ozizira m'beseni lakale, ndiye muwaze makapu 4 a pulasitala pamwamba pa madziwo pang'onopang'ono. Ufa ndiwo upite m'madzi, osati madzi mu ufa, ngati mmene timachitira pophika phala; mukatembenuza mumapeza zibuluma zosasungunuka. Dikirani mphindi imodzi ufa unyowe, takasani modekha mpaka zikhale ngati phala lolimbirako. Kutakasa mwamphamvu ndiponso madzi ofunda zimafulumizitsa kuuma. Kuyambira pamenepo muli ndi mphindi zosakwana 10 zogwirira ntchito, choncho zonse zikhale pafupi kale.

Imikani ndodo pakati pa chitini, ponyani timiyala todzaza dzanja mozungulira, thirani pulasitala mpaka patsale chala chimodzi kuti chidzale. Gogodani chitini pansi kangapo mpweya utuluke. Tsopano onani ngati ndodo yaongoka, ndipo musakhulupirire diso kuchokera mbali imodzi. Mangirirani kamwala kuchingwe, mukalendewetse pafupi ndi ndodo, muyang'ane kutsogolo, kenako muzungulire muyang'ane m'mbali. Mphuthu ya chitseko nayo ingakuthandizeni ngati inamangidwa bwino. Gwirani ndodo mpaka pulasitala agwire, kapena pingasani timatabwa tiwiri pakamwa pa chitini n'kumangira ndodo pakati pake. Pakatha mphindi 20 mpaka 30 amakhala atalimba, koma musiyeni agone usiku wonse.

Pulasitala wotsala musamutsukire m'sinki. Amauma m'paipi ndipo paipiyo yatha. Musiyeni aumire m'beseni momwemo, mukapinda besenilo amasweka yekha, n'kukataya kudzala. Komanso musaviike dzanja m'pulasitala amene akuuma. Kutentha kwake kumawotcha.

Mukasowa pulasitala, simenti gawo limodzi ndi mchenga magawo atatu zimagwira bwino, ndipo zimalemera kuposa. Vuto lake ndi nthawi basi: ndodo imafuna kuichirikiza, ndipo musaikepo mpira pasanathe masiku awiri.

M'mawa mwake ikani chitini mumphika, dzazani mpata wozungulira ndi mchenga kapena timiyala, mutsendere. Nyamulani muone. Maziko onse alemere kawiri kuposa mpira wonyowa, ndiye kuti osachepera makilogalamu 2. Kankhani nsonga ya ndodo ndi chala: mphika ukadzuka mosavuta, onjezani miyala kapena pezani mphika wotambalala pansi.

Kusankha maluwa

Kamtengoka kamafuna maluwa a mutu wobulungira, phesi lolimba, opirira ludzu. Opambana ndi ma chrysanthemum ang'onoang'ono aja amakhala mitu isanu kapena kuposerapo pa phesi limodzi, ndi ma carnation. Awa ndiwo amafika sabata mpaka masiku 10 nyengo yozizira. Ma rozi ndi okongola koma pa siponji amangotha masiku atatu kapena asanu, ndipo sabata ya 14 Febuluwale mtengo wake umakwera. Njira yabwino ndi kudzaza mpira ndi ma chrysanthemum n'kumwaza ma rozi 7 kapena 9 pakati pake. Akafota mumazula okhawo.

Kuchuluka kwake pa mpira wa masentimita 12 ndi motere: mitu ya chrysanthemum ya masentimita 4 ikufunika 50 mpaka 60, ndiye kuti mapesi 10 kapena 12, ma carnation pafupifupi 30, ma rozi okhaokha 30 mpaka 35. Mpira umadya maluwa kuposa mmene diso limaganizira, chifukwa theka lake lili kumbuyo ndi kunsi kumene simukuona. Gulani mapesi awiri oonjezera. Ndipo musanyengedwe ndi mpira waukulu: wa masentimita 16 sufuna maluwa oonjezera pang'ono chabe, umafuna pafupifupi kawiri.

Mutauni muno malo odziwika ndi pa Africa Unity Square, pamene ogulitsa amayala ndowa zawo. Pitani m'mawa dzuwa lisanawawombe. Rozi muidine pang'ono kumunsi kwa mutu, pamene masamba a duwa akumanira: ikalimba ndi yatsopano, ikafewa yagona masiku. Chrysanthemum yatsopano pakati pake pamakhala pothinana, pobiriwira pang'ono, ndipo masamba a m'phesi sanachite chikasu. Zulani phesi limodzi mundowa muone kumunsi. Likaterera kapena kununkha, pitani pa ndowa ina. Pokwera kombi kupita ku Mufakose kapena ku Mabvuku, kulungani kumunsi kwa mapesi ndi nyuzipepala yonyowa, muike m'pepala lapulasitiki, mitu muiphimbe ndi nyuzipepala youma, ndipo musakhale kuwindo la dzuwa.

A pakhomo ena amakopa koma sagwira. Bougainvillea imafota tsiku lomwelo mukaidula. Maluwa a jakaranda, ngakhale mu Okutobala misewu ya ku Avenues itachita bii ndi mtundu wake, amayoyoka mukangowakhudza. Flame lily, duwa la dziko lino la Zimbabwe, ndi lotetezedwa ndi lamulo ndipo ndi lapoizoni, lisiyeni kutchire. Oleander ndi lantana nazonso ndi zapoizoni, si zoika m'nyumba mmene muli ana. Chimene pakhomo pangakupatseni mwaulere ndi masamba: nsonga za mpanda wa duranta (chotsani tizipatso take tachikasu, nato si tabwino kwa ana ndi ziweto), rosemary, kapena masamba aang'ono olimba a mtengo uliwonse wa mpanda. Tengani nthambi zokhwima. Mphukira zanthete zimazyolika pakangotha maola ochepa.

Za mitundu, iwiri yakwana, wachitatu ndi wobiriwira wa masamba. Mpira wa mitundu isanu umaoneka ngati maswiti.

Kumwetsa maluwa

Mukafika kunyumba maluwa asapite pa siponji nthawi yomweyo. Tsukani ndowa ndi sopo mpaka mutha kumweramo. Tizilombo tosaoneka ta m'ndowa yakuda ndito timatseka timitsempha ta phesi kuti duwa lisamwe. Madzi a pampopi, a pamjigo kapena osunga m'chigubu onse ndi abwino bola akhale oyera. Pa lita iliyonse thirani supuni yaing'ono imodzi ya shuga, masupuni aang'ono awiri a madzi a ndimu, ndi theka la supuni yaing'ono ya Jik. Shuga ndi chakudya, ndimu imathandiza madzi kukwera m'phesi, Jik amapha tizilombo timene shugayo akanadyetsa. Chilichonse chithireni m'madzi pachokha. Musasakanize Jik ndi ndimu kapena viniga m'kapu popanda madzi, zimatulutsa mpweya woipa.

Pululani masamba onse amene angamire. Dulani masentimita 2 kumunsi kwa phesi lililonse mopendeketsa, ndi mpeni wakuthwa. Sizasi yobuntha imafinya phesi m'malo molidula. Ikani mundowa nthawi yomweyo, pamthunzi pozizira, maola osachepera anayi, kapena usiku wonse. Masamba a mpanda nawo amwe chimodzimodzi. Choncho n'kwanzeru kugula maluwa tsiku lomwe mukuthira pulasitala: zonse zigona usiku umodzi.

Tsiku lachiwiri: kunyowetsa ndi kukhazika mpira

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwa chifukwa chofulumira. Dzazani ndowa ndi madzi osakaniza ngati aja, akuya kuposa mpira. Ikani mpira pamwamba pa madzi, chotsani dzanja. Uziyandama n'kumamira wokha, mtundu wake ukusintha kuchoka pa kubiriwira kotuwa kupita kobiriwira kwakuda. Zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Musaukanikize pansi, musauthire madzi pamwamba. Mukatero kunja kumanyowa msanga n'kutsekera mpweya m'kati, pakati pamatsala pouma gwa, ndipo kunja simungadziwe. Duwa limene phesi lake lafika pouma pamenepo limafota tsiku lomwelo anzake ali bwinobwino. Mpira ukafika poti msana wake wafanana ndi madzi ndipo wada paliponse, wakhuta. Utulutseni ukhe kwa mphindi zingapo.

Uvekeni kathumba kaukonde kaja, mukokere pansi kuti kathine, mudule kotsala. Ukondewu ndiwo umagwira siponji ikayamba kufumbutuka ndi mabowo ambiri. Waya wa khola la nkhuku, chidutswa cha masentimita 40 ndi 25, amagwira kuposa, makamaka pa mpira waukulu, koma amakanda manja ndipo mukamufinya kwambiri amadula siponji.

Gwirani mpira ndi manja awiri, muuike pansonga ya ndodo pakati penipeni, muukankhire pansi kamodzi kokha mpaka ukhale pa chivindikiro. Musapotokole, musauzule kuti muyesenso. Bowo likakula mpira uzigwedera mpaka mapeto, ndipo siponji sibwerera. Ndodo yalowa masentimita 8, pamwamba patsala masentimita 4 a siponji yosaboola; amenewo ndiwo akuteteza kuti isatulukire. Sonkhanitsani milomo ya ukonde pansi pa chivindikiro, muimange pandodo ndi waya zolimba. Ikani mphika wonse m'beseni kapena panja pakhonde, chifukwa pobaya madzi azidontha.

Kubaya

Yambani ndi masamba. Dulani tinthambi ta masentimita 5 kapena 6, pululani kumunsi, mubaye motalikirana zala ziwiri paliponse, makamaka kunsi kuzungulira chivindikiro. Simukufuna kuphimba mpira wonse, mukungofuna kuti pamene maluwa adzasiyana mpata pazioneka tsamba osati siponji.

Chinsinsi cha mpira wobulungira bwino ndi mapesi ofanana. Thyolani kamtengo ka masentimita 5, kakhale muyeso wanu, ndipo duwa lililonse mulidule phesi lotalika chomwecho kuyambira pansi pa mutu. Masentimita 3 alowe mu siponji, 2 atsale kunja. Mapesi aatali amakumana m'kati, amagunda ndodo, n'kuswa siponji. Pa carnation dulani pakati pa mfundo ziwiri, osati pamfundo, chifukwa pamfundo samwa bwino. Ndipo mutu ukakhala wothinana usisiteni pang'ono ndi chala kuti uyanzike. Minga ya rozi ndi timasamba tonse pa gawo lolowa zichoke, zimang'amba bowo. Dulani ochepaochepa, asanu kapena asanu ndi limodzi, mubaye, mudulenso. Duwa lodulidwa lisagone patebulo.

Duwa loyamba pamutu penipeni. Anayi pamimba pa mpira, kutsogolo, kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Kenako anayi kunsi pafupi ndi ndodo. Amenewa ndiwo malire. Ena onse asatalike kapena kufupika kuposa awa. Phesi lililonse liloze pakati pa mpira, ngati masipoko a njinga. Gwirani phesi pafupi ndi nsonga yake pobaya, osati kumutu, kuti lisathyoke. Ngati muli ndi ma rozi kapena maluwa ena akuluakulu, alowe tsopano, omwazikana, ndiye ang'onoang'ono adzaze mipata.

Dzazani kunsi musanamalize pamwamba. Maluwa akayamba kuchepa aliyense amathamangira kukongoletsa pooneka, kunsi n'kutsala dazi, ndipo mlendo wokhala pampando ndi kunsiko kumene amaona. Zungulizani mphika pang'ono mukabaya maluwa atatu kapena anayi alionse, osamaliza mbali imodzi. Kulemera kukhale kofanana, komanso mbali yoyamba imakonda kudya maluwa ambiri. Mitu ikhudzane mapewa koma isapanikizane, chifukwa ipitiriza kuyanzika masiku awiri otsatira.

Mukabaya duwa mozama kwambiri, musalikokere kunja pang'ono. Pansonga ya phesi pamatsala mpata wa mpweya ndipo silimwanso. Lizuleni lonse, mudule kansonga, mubaye pamalo atsopano pambali. Bowo lakale lisiyeni, mubise ndi tsamba.

Maluwa a kunsi amayang'ana pansi, ndipo olemera monga rozi amatha kupulumuka. Dulani waya wa masentimita 10, mumupinde ngati chipini cha tsitsi, mukolowetse pakhosi pa duwa n'kubaya miyendo yake yonse iwiri mu siponji, kapena mumukole ku ukonde. Phesi lofewa lokana kulowa liboolereni njira ndi kamtengo kochepa kuposa phesilo. Bowo likakula kuposa phesi, duwa limagwa.

Mukaona ngati mwamaliza, bwererani m'mbuyo mapazi atatu, mutsinzine pang'ono. Duwa lotumphuka limaoneka msanga patali kuposa pafupi; likankhireni m'kati. Khalani pansi muyang'ane chokweza. Mipata yaing'ono tsekani ndi gypsophila, timaluwa toyera tija tangati nkhungu, kapena statice, kapena tsamba.

Kubisa pamphika

Pakamwa pa mphika pakuoneka chitini ndi mchenga. Timiyala toyera ta kumtsinje, makungwa ophwanya kapena ndere zouma zimabisa bwino. Ena amaika zidutswa zotsala za siponji yonyowa pamenepo n'kubayapo maluwa otsala. Zimakongola, koma yalani pulasitiki pansi pake, chifukwa pulasitala akamakhala m'madzi amafewa. Riboni imangidwe pansi penipeni pa mpira, michira yake ilendewere masentimita 15, ibise chivindikiro ndi waya. Yansalu imachita mawanga ndi madontho, yapulasitiki ya ogulitsa maluwa ndiyo imapirira. Kansalu kong'amba pa chitenje kokulunga mphika kamakhala bwino ngati maluwa ali a mtundu umodzi. Zonse zikakhala zamawangamawanga zimalimbana.

Kukasamala

Madzi amatsika, choncho mutu wa mpira umauma poyamba pamene kunsi kukudontha. Tsiku lililonse lowetsani chala pakati pa maluwa apamwamba mukhudze siponji. Tengani botolo lapulasitiki, boolani kabowo pachitsekero, muthire theka la kapu pamutu pang'onopang'ono, mphika uli m'beseni, mudikire kudontha kuleke musanabweze pakabati. Pansi pa mphika ikani mbale kuti thabwa lisaonongeke. Musalumphe tsiku: siponji ikauma kotheratu siimwanso bwino.

Nyengo ya Harare imasintha zambiri. Mu Juni ndi Julayi kamtengo kamakhalitsa, bola katalikirane ndi hita ndi mbaula. Mu Seputembala ndi Okutobala mpweya ndi wotentha komanso wouma, ndiye thirani m'mawa ndi madzulo, usiku mukagoneke pasimenti m'chipinda chozizira. Ngakhale mutero, chotsani masiku awiri kapena atatu pa moyo wake. Nthawi ya mvula musamawaze madzi pa ma rozi, amachita mawanga ofiirira a nkhungu n'kuola. Dzuwa la pawindo ndi mphepo ya fani ndi adani nyengo zonse. Mdani wina amene ambiri samudziwa ndi mbale ya zipatso. Nthochi, mapeyala, mango ndi tomato zikamapsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umakalambitsa maluwa, ndipo carnation ndiye amaumva msanga: mitu imapinda m'kati ngati yagona. Utsi wa fodya ndi wa galimoto umachita zomwezo.

Duwa limodzi likazyolika khosi anzake ali bwino, lizuleni, mudule phesi, muliike m'kapu ya madzi ofunda kwa ola limodzi. Nthawi zambiri limadzuka. Likakana, ikani lina pa bowo latsopano. Mbali yonse ikafota pamodzi, ndiye kuti m'kati munatsala pouma paja ponyowetsa.

Mukafuna kokhalitsa miyezi

Maziko ndi omwewo, kusiyana ndi mpira. Gwiritsani siponji yotuwa, kapena mpira wa kaylite (pulasitiki woyera wopepuka uja amatchingira katundu m'makatoni), kapena finyani nyuzipepala zolimba n'kuzikulunga ndi tepi yapepala mpaka zibulungire. Kaylite ali ndi adani awiri: penti wopopera amamusungunula, ndipo guluu wotentha wa mfuti amamuboola. Pakani penti wa madzi, wobiriwira kapena wofanana ndi maluwa, ndipo matani ndi guluu woyera wa matabwa. Pamene ndodo ilowera thirani guluu m'bowo.

Maluwa ouma bwino ndi statice, gypsophila ndi aja amati everlasting, amene masamba ake amalira ngati pepala ngakhale ali aawisi. Mangani timitolo ta mapesi 8 kapena 10 ndi mphira, osati chingwe, chifukwa mapesi amafota n'kupulumuka. Mupachike chozondotsa pamalo amdima podutsa mphepo kwa masabata awiri kapena atatu. Dzuwa limafufutsa mtundu. Makoko opotoka a mtengo wa msasa amene amathetheka n'kugwa nyengo yotentha, ndi makoko aphwatalala a jakaranda, amatoleka mwaulere ndipo amakhala bwino pakati pa maluwa ouma; akulungeni waya kutsinde kuti mupeze pobayira. Phesi louma limathyoka msanga, choncho boolani kaye ndi msomali, muviike nsonga mu guluu, ndiye mulowetse. Fumbi muzilichotsa ndi nthenga ya nkhuku, osati nsalu yonyowa.

Mpira wa maluwa aawisi ukatha, masulani waya, zulani mpira wonse. Maluwa ndi masamba apite kumanyowa. Siponji ndi yapulasitiki, siiwola, choncho ipite m'bini, ndipo madzi a m'beseni muwasefe pa kansalu musanataye kuti tinyenyeswa tisalowe m'ngalande kapena m'dimba. Mpira wobayidwa kale musausunge, mabowo ake sagwiranso phesi. Pukutani ndodo, muumitse chitini padzuwa, muone ngati msomali sunachite dzimbiri, ndipo ulendo wina mudzangogula mpira ndi maluwa basi.